Kabati ya Mayi Kaboni

Tsiku loyamba kuwaona ndinali nditaitanidwa kukakonza makina otayipira. Masiku amenewo tsitsi linali likadali mutu wonse, ndipo ndinkayenda ndi kachikwama ka zitsulo, kabotolo ka mafuta ndi mswachi wakutha wochotsera fumbi. Shopu imene ankagwirako ntchito inali ya chipinda chimodzi, yopanikizika pakati pa telala ndi wosoka nsapato. Nditalowa ndinapeza mtsikana wamtali atakhala tsonga kuseri kwa makina, nsonga za zala zake zili bii ndi utoto wa kaboni.

"Ndinu okonza aja?" anandifunsa osadzuka.

"Ndine."

"Musanagwire, tchulani zonse zimene mumasule."

Ndinayesa nthabwala. Koma iwo anatenga mapepala awiri n'kulowetsa kaboni pakati, cholembera chili m'manja, maso ali pa ine. Ndinatchula: chivundikiro, timisomali tinayi, riboni. Analemba n'kundisainitsa. Pepala lapamwamba anandipatsa, lapansi anakalitsekera m'kabati yachitsulo imene inaima pakona ngati mlonda.

Matenda a makinawo anali kaphini ka m'tsitsi kamene kanagwera m'kati n'kukola zitsulo. Nditakatulutsa ndinakakweza m'mwamba, maso anga ali pamutu pawo, pamene panali timaphini tina tisanu tofanana nako.

"Si kanga," anatero.

Anandilanda pepala lija, n'kutsegulanso kabati, n'kuwonjezera pa mapepala onse awiri kuti: kaphini kamodzi, mwini wake sakudziwika.

Amenewo ndiwo anali Mayi Kaboni. Dzina lenileni analinalo, koma mumsewu monsemo ukalitchula anthu ankakanda mutu. Ntchito yawo inali kutayipira anthu makalata: ofunsira ntchito, osiyira ntchito, odandaula za mpopi wosatulutsa madzi, opepesa kwa apongozi, opita kwa ana amene anakakhala kutali n'kuiwala kwawo. Munthu ankakhala pabenchi n'kukhuthula za kumtima, iwo akuyamwa switi, zala zikuthamanga ngati mvula padenga la malata. Kalata inkapita ndi mwini wake, kaboni ankatsala. Ndipo lamulo lawo linali limodzi, ankalinena ngati mmene ena amanenera pemphero la chakudya: kaboni sagona panja. Dzuwa likapendeka, pepala lililonse linkalowa m'kabati, kabati n'kukiyidwa, kiyi n'kulowa pachifuwa.

Anali ndi mng'ono wawo amene ankawabweretsera tiyi masana. Kuyambira pamene ndinamuona, makina aja anayamba kufuna mafuta kawiri pamlungu.

"Makinawa sanadwalepo chonchi," ankatero Mayi Kaboni, osakweza mutu.

Kalata yanga yofunsira mbeta anatayipa okha, ndipo kaboni wake anasunga. Tinakhala pachilamu kuchokera pamenepo. Zaka zonse za banja langa, ndikangoyambana ndi mayi akunyumba, alamu ankandiitana n'kugogoda kabati ndi chala. "Nditulutse? Tiwerenge zimene munalonjeza?" Ine ndinkabwerera kunyumba nditafewa ngati nsanza yonyowa.

Amuna awo, dalaivala wa lole, anamwalira ana awiri akadali aang'ono. Atsikana awiriwo anakula ndi kuphunzira ndi zala zakuda zomwe zija.

Kenaka kunabwera makompyuta, ntchito yanga n'kufa ine ndikuona. Abwana a shopuyo anandimvera chisoni n'kunditenga kuti ndizimata mabuku, kudula mapepala ndi kunyengerera makina a fotokope akanyanyala. Motero kwa zaka makumi awiri ndinkakhala mapazi atatu kuchokera patebulo la alamu. Kompyuta anaiphunzira msanga, koma dzanja silinasinthe. Ankamenya kiyibodi ndi mphamvu ya makina achitsulo, moti pakatha miyezi isanu ndi umodzi zilembo zonse zinkafufutika. Iwo sankazifuna. Wina aliyense akakhala pampando wawo ankangoyang'ana mabatani akuda opanda kanthu, kakasi.

Chaka china denga linadontha n'kunyowetsa madilowa awiri a kabati ija. Alamu anayanika makalata pa chingwe cha telala, nkhope ili ngati ya munthu amene ali pamaliro. Atauma anayamba kuwajambula ndi sikana, limodzi limodzi, nthawi ya tiyi ndi nthawi imene kulibe makasitomala. Zinawatengera zaka zitatu. Zonse analowetsa mufoda imodzi ya m'kompyuta, n'kuitcha Kabati. Abwana aakulu atamwalira, shopu inatsala m'manja mwa mwana wawo wamkazi, amene anakulira pansi pa tebulo la alamu akuseweretsa mariboni akutha. Iye anafuna malo oikapo makina aakulu osindikizira, ndipo kabati yachitsulo inatuluka, mapepala ake achikasu n'kupita kowotchedwa. Alamu analola, popeza zonse zinali mu Kabati inayo. Pamaso pa makasitomala mwanayo ankamutcha abwana. Kukakhala kopanda anthu ankangoti mwana iwe. Iye ankawatcha azakhali.

Tsono panali bambo wina wokonza makompyuta amene tinkamutcha a Fufutani. Anali wa kamimba, makiyi ambirimbiri ali lende m'chiuno, ndipo ntchito ankaidziwa ndithu, koma mankhwala ake anali amodzi. Kompyuta ikatsokomola, fufutani. Ikachedwa kudzuka, fufutani zonse tiyambirenso. Lolemba lina abwana anagula printa yatsopano, ndipo printayo inakana kumvana ndi kompyuta ya alamu. A Fufutani anati vuto ndi sisitimu, kutanthauza pulogalamu yaikulu imene imalamulira zina zonse m'katimo. Anati yakalamba, ifunika yatsopano. Tsiku lonse kompyuta inkazima ndi kuyaka yokha, iwo atakhala pambali akusewera ndi makiyi. Pofika madzulo printa inamvera, tonse n'kupita kwathu mitima ili m'malo.

Lachiwiri m'mawa alamu atavundukula nsalu n'kuyatsa, bokosi la kompyuta linayamba kulira. Fani ya m'kati inkazungulira ngati ikufuna kunyamula bokosilo kuuluka nalo. Pambali pake panatentha moti ukanaumitsapo mpango. Kamuvi ka pasikirini kankakwawa ngati nkhono. Kasitomala woyamba anali bambo wofuna kalata yosiyira ntchito. Alamu anatayipa ndime yonse, sikirini ili mbee. Anapinda manja. Patapita nthawi zilembo zinayamba kutuluka chimodzi chimodzi ngati anthu otuluka m'tchalitchi. Pamene dzina la bamboyo linkaonekera pansi pa kalata, iye anali ataganiza bwino, ndipo anatsanzika n'kubwerera ku ntchito kwake.

A Fufutani anaitanidwa. Anatsegula kawindo kamene kamaonetsa mndandanda wa mapulogalamu onse amene akugwira ntchito nthawi imeneyo, ndi mphamvu imene iliyonse ikudya. Ena onse anali pa ziro, pa wani. Pamwamba penipeni panali imodzi ya dzina lachilendo, yokhayokha ikudya mphamvu pafupifupi yonse.

"Wakuba ndi uyu," anatero. "Taonani ndimuphe."

Anadina. Dzina lija linasowa, fani inatsika mawu, ife n'kupumira m'mwamba. Ndisanamalize kumeza tiyi, dzina lija linatulukiranso pansi pa mndandanda n'kukwera, kudumpha anzake onse, mpaka pamwamba.

"Wadzuka," ndinatero.

"Ndamuona, achikulire."

Anamupha kachiwiri. Anamupha kachisanu. Alamu ankawerenga mokweza, switi ili m'tsaya. Atafika pa khumi ndi kamodzi, a Fufutani anapukuta thukuta n'kulengeza kuti ndi vayirasi, ndipo ayenera kuti wachokera m'mafayilo akalekale a amayiwa. Mankhwala tinawadziwa asanawatchule.

"Mufufute chiyani?" anafunsa alamu.

"Zonse, amayi. Koma musade nkhawa, Kabati yanuyo tiyamba taikopera pambali."

Anabaya fulashi yaikulu n'kuyamba kukopera. Kompyuta inalemba kuti kwatsala maola atatu. Tinati si kanthu. Kenaka inasintha n'kuti masiku asanu ndi limodzi. Inaganizanso pang'ono n'kuti zaka khumi ndi zinayi.

"Alamu," anandifunsa Mayi Kaboni akuyang'ana sikirini, "mudzakhalapo?"

"Ine ndidzakhala nditapita. Mudzanditumizire kaboni."

Tinaseka, koma abwana sanaseke. Lolemba lotsatira kunkabwera mayeso a sukulu ziwiri oti atayipidwe ndi kusindikizidwa, ndipo kompyuta yodziwa ntchito imeneyo inali yomweyi. Anaima pakhomo, foni ili m'manja, n'kunena kuti ngati siichira pofika Lachisanu masana, a Fufutani afufute, Kabati ikopereke kapena isakopereke.

"Azakhali, musandiyang'ane choncho. Makalata amenewo eni ake ambiri anamwalira kalekale."

"N'chifukwa chake, mwana iwe."

Alamu anadzuka pampando. Anavundikira kompyuta ikulirabe, n'kunyamula chikwama chawo. Panjira sanandinyoze ngakhale kamodzi, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti zawafika pamtima.

Lachitatu linali tsiku la asing'anga. Ine ndinatsegula bokosi, ndinapukuta fumbi ndi mswachi wanga wakale, ndinadontheza mafuta pa fani. Inalira bwino kuposa kale, koma inalirabe. Telala anabwereka fani yake yaikulu kuti iziwomba bokosilo. Wosoka nsapato anati tiliike pa njerwa lizipuma ndi pansi pomwe. A Fufutani anayendetsa mapulogalamu awiri osaka vayirasi, onse n'kubwerako manja lende, osapeza kanthu. Chimene chinandiopsa ine chinali kamzere kosonyeza malo otsala m'kompyutamo. Lachiwiri kanali kabuluu, katadzaza theka. Lachitatu madzulo kanali kofiira, katatsala pang'ono kugunda kumapeto. China chake chinkadzaza nyumbayo ife tikuyang'ana.

Lachinayi m'mawa alamu anafika atavala diresi lawo la buluu la kolala yoyera, limene ankavala kukakhala nkhani. Anadikira a Fufutani akhale, amuphe uja kawiri, kenaka anakoka mpando n'kukhala pambali pawo.

"Bambo, ameneyu mukumuphayu, ntchito yake ndi chiyani?"

"Ndi vayirasi, amayi."

"Anakuuzani?"

"Dzina lakelo sindikulidziwa."

"Inenso lanu lenileni sindilidziwa, koma sindinakupheni. Tafufuzani."

A Fufutani anafwenthera, koma anatulutsa foni n'kulemba dzina lija. Anawerenga, anakanda chibwano, anawerenganso. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti si vayirasi. Ndi kapulogalamu kosunga makope, kamene kanalipo kuyambira kale, koma sisitimu yatsopano yakapatsa dzina lina. Ndipo sisitimuyo ndi imene imakadzutsa kakaphedwa, poganiza kuti kagwa mwangozi.

"Ndiye kuti ndi kalaliki," anatero alamu. "Ine makalaliki ndagwira nawo ambiri. Ukaona kalaliki watsopano akuthamanga uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, ntchito osatha, sumumenya. Umamutsata uone kumene akupita. Kawirikawiri pali wina amene wamutuma molakwika. Tationetseni chimene wanyamula."

Panali kawindo kena kosonyeza fayilo imene pulogalamu ikugwira nthawi iliyonse. A Fufutani anakatsegula. Mizere inkathamanga moti diso silikanagwira kanthu.

"Jambulani ndi foni yanuyo. Chithunzi sichithamanga."

Anajambula, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Alamu anakweza magalasi n'kuyamba kuwerenga ndi mawu awo owerengera makalata.

"Kabati. Kaboni. Kabati. Kaboni. Kabati. Kaboni."

Anapitiriza, chala chikutsata. Mzere umodzi wokhawo unabwereza mawu awiriwo kopitirira makumi atatu, ndipo kumapeto kwenikweni kunali kalata ya munthu wina wodandaula za galu wa mnansi wake. Mawu a alamu anayamba kuchepa cha pakati. Atafika pa galu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi kolala, nthawi yaitali.

"Kaboni ameneyu ndi foda yanji?" anafunsa a Fufutani.

"Ndi yanga."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Kale patebulo pawo pankakhala kabokosi kakuda, kolumikizidwa ndi chingwe, kamene kapulogalamu kaja kankaikamo kope ya Kabati tsiku lililonse poweruka. Zaka zinayi zapitazo kabokosiko kanafa. Kompyuta inafunsa kuti tsopano kope ndiziika kuti. Alamu anali okha m'shopu, ndipo funsolo silinawavute n'komwe. Anatsegula Kabati, anapanga foda yatsopano m'kati mwake, anaitcha Kaboni, n'kuuza kompyuta kuti iziika mmenemo.

"Munaika kabati m'kati mwa kabati," anatero a Fufutani, manja ali kumutu.

"Ndinaika kaboni m'kabati. Mumafuna ndimuike kuti, pabenchi?"

"Nanga bwanji simunauze munthu?"

"Ndiuze munthu kuti ndachita chinthu cholongosoka?"

A Fufutani anafotokoza, tsopano akusangalala, popeza analinso wodziwa. Kalaliki wakale ankakopera kamodzi patsiku, ndipo anali ndi chizolowezi chodumpha foda imene iye mwini amaikamo makope. Watsopanoyu chizolowezi chimenecho sanachilandire, ndiponso sadikira madzulo. Akangoona kuti mu Kabati mwasintha kanthu, amakopera Kabati yonse nthawi yomweyo. Kope ija akaiika mu Kaboni, ndiye kuti yalowa mu Kabati. Akacheuka, aona mu Kabati mwasintha. Akoperanso, pamodzi ndi kope ija. Akaika, mwasinthanso.

"Ndiye wolakwa ndi wanuyu," anatero alamu. "Changu chopanda nzeru."

"Amayi, iyeyu akungomvera."

Alamu anayang'ananso chithunzi chija. Fani inkalira, ya telala ikuthandizira.

"Eya," anatero pomaliza. "Akumvera ine."

Podziwa tsopano khomo loyenera kugogoda, a Fufutani analowa mmene muli malangizo a kapulogalamuko n'kukauza kuti kayambe kapuma. Sanakaphe. Dzina lija linatsika lokha pamndandanda mpaka pansi, n'kukhala phee. Fani inatsika mawu, inatsikanso, mpaka tinamva makina a telala kuseri kwa khoma, amene tinali tisanawamve masiku atatu.

Koma kompyuta inali ikutsimphinabe, popeza inali itadzaza mpaka pakhosi. Panalibe malo ngakhale osungira kalata imodzi. A Fufutani anati chatsala n'chapafupi: foda ya Kaboni ifufutidwe yonse. Anaika kamuvi pamenepo n'kukankhira mausi kwa alamu.

"Dinani apa basi."

Alamu anabweza dzanja ngati aona njoka. Zaka makumi anayi ndi mphambu anali asanatayepo kaboni ndi dzanja lawo. Ngakhale tsiku lowotcha mapepala achikasu lija iwo anadwala mutu, sanabwere.

"Mukudziwa bwanji kuti enieniwo alipo onse? Mwina kalaliki wanuyu pothamangathamanga wasuntha ena. Ndiyambe ndaona."

"Amayi, makalata ndi masauzande."

"Ndikudziwa. Ndinatayipa ndine."

Anayamba Lachinayi masana. Kabati yawo sinkayenda ndi maina a anthu, inkayenda ndi mtundu wa vuto: zopempha, zodandaula, zopepesa, za m'banja, ndipo m'kati mwa chilichonse munali zaka. Ankatsegula chaka, kuyang'ana kalata yoyamba ndi yomaliza, kudumphira pakati, kugwedeza mutu, n'kupita chaka china. Fayilo iliyonse inkatenga nthawi kuti itseguke. A Fufutani, amene akanatha kupita kukafufuta za anthu ena, anakhala pomwepo akugwira mausi, popeza dzanja la alamu linkaikankha mwamphamvu mpaka kamuvi kukasowa kukona.

Chakumadzulo anafika pa za m'banja, zaka zoyambirira. Ndinaona akumwetulira, ndipo ndinadziwa.

"Alamu, musayerekeze."

"Bambo Fufutani, tamverani mmene ankafunsira amuna akale. Akuti, ndidzakusamala ngati makina atsopano, sudzasowa mafuta."

A Fufutani anaseka mpaka makiyi kulira m'chiuno. Telala anasuzumira pakhomo kufunsa chachitika n'chiyani, ndipo anamuwerengeranso. Ine ndinaseka nawo. Mayi akunyumba anali atatisiya zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo. Kuseka kutatha alamu anasiya kalatayo pasikirini kanthawi, tonse awiri tikuiyang'ana, utoto wa kaboni wofiirira ndi dzina langa losainidwa pansi pake. Kenaka anati, "Ilipo," n'kupita chaka china.

Lachisanu anafika shopu isanatsegulidwe n'kudikira pakhomo. Anamaliza cha m'ma leveni. Panalibe chosowa. A Fufutani anali atabweretsa kabokosi kakuda katsopano, ndipo anakoperamo Kabati, kusiya foda ya Kaboni. Kompyuta inati mphindi makumi anayi, ndipo ulendo uno inanena zoona. Pamene inkamaliza, muvi wautali wa wotchi ya pakhoma unali utayamba kukwera kulondola thwelofu.

"Tsopano, amayi."

"Mundipatse mpata."

"Mpata ulipo wa mphindi khumi. Zikatha abwana alowa, ndipo ine ndikhala ine, ndifufuta zonse."

Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza. Alamu anawongola msana, anakonza kolala, anatambasula chala. Chala chomwe chija chimene chinatha makiyibodi osawerengeka chinatsika pang'onopang'ono n'kukhudza batani mopepuka ngati akugwira diso la khanda. Palibe chinachitika.

"Simunadine," ndinatero.

"Ndadina."

"Mwasisita."

Anandiyang'ana ndi diso lija la tsiku loyamba, ndipo maso akadali pa ine anamenya batanilo mpaka kapu ya tiyi kudumpha patebulo. Kamzere kofiira kanayamba kubwerera m'mbuyo, kanasanduka kabuluu, kanafupika.

Abwana analowa nthawi itakwana ndendende. Anaima n'kutchera khutu. M'shopu munali zii.

"Yafa?"

"Yachira," anayankha a Fufutani.

"Waichiza ndani?"

A Fufutani analoza alamu ndi chibwano.

"Amene anaidwalitsa," anatero alamu, akutsegula switi. "Bweretsani mayeso anuwo, abwana."

Panatsala mkangano umodzi. A Fufutani anati kope yokhala m'nyumba imodzi ndi mwini wake si kope, popeza moto kapena wakuba akabwera atenga zonse pamodzi. Kabokosi kakuda kazigona kwina. Alamu anatsutsa mpaka nthawi yoweruka, kenaka anakakulunga mu sokosi yakale n'kukaponya m'chikwama chawo. Kuyambira tsiku limenelo kankapita nawo kunyumba madzulo n'kubwera nawo m'mawa, ndipo aliyense wofuna kuwanyamulira chikwama ankakanizidwa. A Fufutani nawonso anasintha pang'ono. Akafika pa kompyuta yodwala ankayamba afunsa kuti ameneyu ntchito yake ndi chiyani. Akafunsa ankafufutabe, koma ankayamba afunsa.

Alamu anagwiranso zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka maso anachita nkhungu. Anakakhala kwa mwana wawo wamkulu, m'nyumba ya khonde lalitali, ndipo ine ndinkapita Loweruka lililonse kukawawerengera nyuzipepala kuti azikonza zolakwa za atolankhani. Loweruka lina tinamva odi. Anali mayi wa zaka ngati makumi anayi ndi mwamuna wake, bambo wamtali wa imvi za m'mbali. Anachokera ku shopu. Mayiyo anati bambo ake anamwalira mwezi wathawo osasiya chilichonse cholembedwa, koma achibale akuti nthawi ina anakatayipitsa kalata yopita kwa mkulu wawo. Ku shopu anafufuza dzina osapeza, popeza makalata akale ndi zithunzi chabe, kompyuta siitha kuwerenga za m'kati mwake. Ankangofuna kumva mawu a bambo akewo kamodzi.

"Ankagwira ntchito yanji?" anafunsa alamu.

"Ankakonza mawotchi."

"Wamfupi? Woyamba kutsokomola asanalankhule?"

Mayiyo anagwira pakamwa.

"Alamu, imbirani mwana uja wa ku shopu. Muwuzeni atsegule za m'banja, chaka chimene telala anakwatira kachiwiri. Ayang'ane chakumapeto."

Abwana anadziwa chakacho. Tisanamalize tiyi kalata inafika pafoni ya mayiyo.

"Ndiwerenge mokweza?"

"Kalata ndi yanu tsopano," anatero alamu. "Koma amuna anuwa akhale pansi."

Mayiyo anawerenga. Bambo ake ankauza mkulu wawo kuti mwana wamkazi wabweretsa mnyamata. Mnyamatayo ndi wamtali mopanda phindu, ntchito yake siimveka, ndipo akaitanidwa pa chakudya sayamba wakana. Nsapato zake zikakhala pakhomo anthu amasowa podutsa. Komabe tsiku lina anapeza chitseko cha kumpanda chitazuka, n'kuchikonza popanda womutuma, ndipo sanauze aliyense. Choncho, achimwene, tisamuthamangitse msanga, tiyambe tamuonerera.

Mayiyo ankaseka misozi ikutsika. Mwamuna wake anayang'ana nsapato zake n'kuzibweza pansi pa mpando.

"Chitseko chija ndinakonzadi," anatero.

"Ananena za inu ola lathunthu tsiku limenelo," anatero alamu.

"Zonse ndi zimenezi?"

"Zina ndinazisiya. Pepala linali limodzi."

Bamboyo anafunsa kuti zinazo zinali zotani. Alamu anafufuza m'thumba la juzi, anatulutsa switi, n'kuitambasulira kumene kunkachokera mawu ake.